Musadikire Mpaka Atavula: Kuzindikira Msanga Matenda a Misala mwa Achinyamata

Anthu ambiri akamva za misala amaganiza za munthu yemwe amamuona pamsika kapena padepoti, tsitsi litapotana, nsanza zili m'thupi, akutola zinyalala uku akulankhula yekha. Chithunzi chimenechi ndi chomwe chimachedwetsa mabanja, chifukwa mwana wawo akayamba kusintha amamuyerekeza ndi wapamsika uja, n'kumadzilimbitsa mtima kuti wathuyu sanafike pamenepo. Koma wapamsikayo sanayambire pamsika. Panali nthawi yomwe ankagona m'nyumba, kudya ndi abale ake, kupita kusukulu kapena kuganyu, ndipo zomwe zinkaoneka zinali zazing'ono: kusowa tulo, kudzipatula, kukayikira anthu. Zomwe timaona pamsika ndi zotsatira za zaka zambiri za matenda osalandira chithandizo. Mfundo ya kabuku kano ndi imodzi. Wachinyamata akayamba kusonyeza kuti maganizo ake akusokonekera, banja limufikitse kuchipatala m'masabata oyambirira, osadikira kuti achite zoopsa, komanso osadikira kuti achibale agwirizane kaye pa chomwe chayambitsa.

Matenda omwe tikunena pano ndi aja amachititsa munthu kulephera kusiyanitsa zomwe zikuchitikadi ndi zomwe zili m'mutu mwake mokha. Amamva mawu pomwe palibe akulankhula, mawu omunena, omutukwana kapena omulamula. Amakhulupirira ndi mtima wonse zinthu zopanda umboni, monga zoti amayi ake akumuthirira poizoni m'ndiwo, zoti wailesi ikunena za iye, kapena zoti wapatsidwa ntchito yapadera yopulumutsa dziko. Nkhani zake zimadumphadumpha moti womvera sagwira mutu wake. Mtundu wodziwika kwambiri wa matendawa ndi womwe madokotala amautcha schizophrenia. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti anthu pafupifupi 24 miliyoni ali nawo, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse, ndiponso kuti mwa anthu atatu alionse osokonekera maganizo motere, oposa awiri salandira chithandizo cha akatswiri. Matendawa amakonda kuyamba munthu ali pakati pa kutha msinkhu ndi zaka za m'ma 20, ndipo anyamata amayamba msanga kuposa atsikana. Imeneyi ndi nthawi ya mayeso a MSCE, ya kukoleji, ya kuyamba kageni ndi kufunsira banja. Chaka chotayika pa msinkhu umenewu sichitayika chokha, chimapita ndi sukulu, anzake ndi mbiri ya munthu.

Zoyenera kuyang'ana

Choyenera kuyang'ana si khalidwe lachilendo chabe, koma kusintha kwa mwana poyerekeza ndi momwe iye mwini analili. Mwana wofatsa chibadwire sadetsa nkhawa akakhala chete. Wodetsa nkhawa ndi uja ankasewera mpira madzulo alionse, lero akungodzitsekera m'gowelo, sakusamba, sakusintha zovala, usiku akungoyendayenda. Ndi mtsikana uja ankakhoza bwino m'kalasi, lero akungoyang'ana tsamba limodzi la buku osalitembenuza, akuseka yekha, akutembenuka ngati wina wamuitana. Ena amayamba kukana chakudya chophikidwa ndi munthu wina, kutseka mazenera ndi nsalu masana, kutaya foni ponena kuti akumumvetsera, kapena kulowerera m'mapemphero mwanjira yomwe ngakhale a mpingo wake akuidabwa. Zinthu zitatu zikakumana, ulendo wa kuchipatala wakwana: kusinthako n'kwachilendo kwa iye, kwatha masabata osabwerera mwakale, ndipo kukumulepheretsa kuphunzira, kugwira ntchito kapena kukhala ndi anthu. Koma ngati wanena yekha kuti akumva mawu, kapena waonetsa kuti akukhulupirira kuti wina akufuna kumupha, palibenso zowerenga masabata.

Pali kusokonekera kwina komwe sikufuna ngakhale kudikira kuti kuche. Munthu akazungulira mutu mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena m'masiku awiri, thupi likutentha, khosi litauma, akukomoka, akuwodzera kapena sakudziwa komwe ali, vuto likhoza kukhala malungo a muubongo, matenda oumitsa khosi, kuvulala m'mutu, matenda obwera chifukwa cha HIV, kapena kusiya mowa mwadzidzidzi kwa munthu womwa kwambiri. Zimenezi zimapha msanga, komanso zambiri zimachizika zikapezeka. Chimodzimodzi mayi yemwe wangobereka kumene. Mwa amayi 1,000 obereka, mmodzi kapena awiri amasokonekera maganizo, kawirikawiri m'masabata awiri oyamba, ndipo ameneyu apite kuchipatala tsiku lomwelo, khanda lili m'manja mwa munthu wina wamkulu. Ichi chokha n'chifukwa chokwanira choyambira kuchipatala, poti poyang'ana ndi maso palibe kholo, m'busa kapena sing'anga yemwe angasiyanitse malungo a muubongo ndi misala.

Chifukwa chiyani msanga

Kafukufuku wa m'maiko ambiri wakhala akupeza chinthu chimodzimodzi: munthu akakhala nthawi yaitali akudwala osalandira mankhwala, kachiridwe kake kamakhala kovuta. Maganizo amenewa ndi omwe anachititsa Patrick McGorry ndi anzake kutsegula malo othandizira achinyamata oyamba kumene kudwala ku Melbourne, m'dziko la Australia, mu 1992, ndipo maiko ena anatengerapo chitsanzo. Munthu woganiza bwino angafunse kuti kodi si zoti matenda oyamba mwakachetechete ndi omwe amakhala ovuta kale, ndiye amachedwa kuzindikirika chifukwa cha kuyamba mwakachetecheteko? Funsoli n'lomveka, ndipo mbali ina lili ndi zoona. Koma pakati pa 1997 ndi 2000 ku Norway anayesa nkhaniyi mwachindunji. M'chigawo cha Rogaland anaphunzitsa anthu za zizindikiro kudzera m'manyuzipepala, m'masukulu ndi kwa madokotala, n'kukhazikitsa magulu a azaumoyo osavuta kuwapeza. Kumeneko theka la odwala linkayamba chithandizo pasanathe masabata 5, pomwe ku Oslo ndi ku Roskilde m'dziko la Denmark, komwe kunalibe ntchito yotere, zinkatenga masabata 16. Ofika msangawo ankafika matenda asanakule, maganizo ofuna kudzipha ali ochepa, ndipo atawatsatira kwa zaka 10 anapeza kuti ochira n'kumagwira ntchito anali ochuluka pakati pawo. Kuno kwathu, kafukufuku wa ku Mzuzu, pachipatala cha St John of God, anapeza kuti odwala ambiri amafika atadwala kwa nthawi yoposa chaka. Anzathu akuwerenga masabata, ife tikuwerenga zaka, ndipo gawo lalikulu la nthawi imeneyo limathera pakhomo, achibale akukambirana.

Ena amati achinyamata onse amatero, amakwiya, amadzitsekera, amagona masana, ndiye kuthamangira kuchipatala n'kumupatsa mwana dzina loipa lomwe lidzamulepheretsa kukwatira. Mantha amenewa si opanda pake. N'zoona kuti mwa achinyamata omwe akatswiri amawaona kuti ali pachiopsezo chachikulu, pafupifupi mmodzi yekha mwa anayi ndi yemwe amadwaladi m'zaka zitatu zotsatira. N'chifukwa chake wazaumoyo wodziwa ntchito sapereka mankhwala amphamvu kwa mwana chifukwa choti wangokhala chete, koma amafunsa, amapima, n'kupereka tsiku loti abwerenso. Komabe atatu otsalawo si kuti alibe kanthu. Ambiri amapezeka ndi matenda a nkhawa, kukhumudwa kwakukulu, vuto la mowa ndi chamba, kapena anachitidwa nkhanza zomwe sanauze munthu, ndipo zonsezi zimafuna thandizo. Za dzina loipazo, tiyeni tiziyeze bwino. Ulendo wa kuchipatala umadziwika ndi anthu awiri kapena atatu. Tsiku lomwe mwana adzathamange ali maliseche pamsika, kapena kuswa magalasi a galimoto ya eni ake, mudzi wonse udzadziwa, ena adzajambula pafoni, ndipo dzina lomwe makolo ankaopalo lidzamumatirira pamenepo.

Za ufiti, mizimu ndi chamba

Chotchinga chachikulu ndi funso la chomwe chayambitsa. Atsibweni akuti mwana walodzedwa chifukwa cha nzeru zake za kusukulu, azakhali akuti ndi ziwanda, bambo akuti anakakhwima ndipo waphwanya chizimba, agogo akuti mizimu ikufuna nsembe. Aliyense ali ndi koti apite naye, ndipo miyezi imatha banja likuzungulira, mbuzi ndi matumba a chimanga zikutha. Kabuku kano sikakufuna kulimbana ndi chikhulupiriro cha munthu. Kakungonena kuti denga likamayaka sitiyamba ndi kufufuza yemwe wayatsa. Chomwe chikudziwika n'chakuti matendawa amapezeka m'maiko onse, kwa Akhristu, Asilamu ndi osapemphera, kwa okhulupirira ufiti ndi osakhulupirira, ndipo mankhwala omwewo amachepetsa mawu ndi mantha kwa onsewa. Amayendako m'magazi: mwana yemwe kholo lake limodzi lili ndi schizophrenia ali ndi mpata wa pafupifupi 1 mwa 10 woti adwale, kutanthauza kuti 9 sadwala. Ngakhale mapasa ofanana kwambiri, mmodzi akadwala, winayo nthawi zambiri sadwala, choncho magazi si nkhani yonse. Mavuto a pobadwa, nkhanza za paubwana, kupanikizika kwakukulu ndi mankhwala ozunguza bongo zimaonjezera. Banja lofuna kupemphera lipemphere, koma mwana akumwa mankhwala. Ku Ibadan m'dziko la Nigeria ndi ku Kumasi m'dziko la Ghana anayesa kuti azaumoyo azipita kukathandiza odwala omwe anali kwa asing'anga ndi kumalo a mapemphero, mogwirizana ndi eni malowo. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2020, zinaonetsa kuti odwalawo anapeza bwino kuposa omwe sanalandire thandizo la mgwirizanolo. Choncho muyeso wa sing'anga kapena mneneri ndi wosavuta. Woti pitani kuchipatala, ine ndikupemphererani, ndi mnzanu. Woti tayani mapiritsi, musalitseni kudya masiku ambiri, mumangeni, mukwapuleni kuti chiwanda chituluke, ameneyo akuika moyo wa mwana wanu pachiswe. Ndipo wotchula dzina la yemwe walodza amabweretsa tsoka lachiwiri, poti wolozedwa chala nthawi zambiri amakhala nkhalamba yopanda woiteteza. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911 lokhudza za ufiti.

Chamba chili ndi mbali yake, ndipo n'kulakwa kuibisa. Kafukufuku wa m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku Brazil, wotuluka mu 2019, anapeza kuti osuta tsiku ndi tsiku anali ndi mpata wodwala wochuluka katatu kuposa osasuta, ndipo osuta chamba champhamvu tsiku ndi tsiku pafupifupi kasanu. Lamulo la 2020 lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale silinasinthe zomwe utsi wake umachita muubongo wa mwana wa zaka 16. Koma mawu oti "n'chamba chimenecho, adziwa yekha" asiyitsa ana ambiri chithandizo. Alipo odwala omwe sanasutepo, ena anayamba kusuta matenda atayamba kale pofuna kupeza tulo, ndipo ngakhale yemwe chamba chamudwalitsadi ndi wodwala basi. Kumuthamangitsa pakhomo n'kumupereka kwa anzake osuta aja.

Ulendo wa kuchipatala

Ambiri amaopa kuti kupita kuchipatala ndiye kuti mwana atumizidwa ku Zomba. Si choncho. Poyambira ndi pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, yemwe angakuuzeni tsiku lomwe anamwino a matenda a maganizo amaona odwala pachipatala cha boma. Zomba Mental Hospital ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe zimalandira omwe matenda awakulira, koma wofika msanga nthawi zambiri amalandira mankhwala n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Kuchedwa ndi komwe kumagonetsa munthu m'chipatala. Popita, tengani buku lake la kuchipatala, ndipo womuperekeza akhale munthu yemwe amagona naye nyumba imodzi, wotha kufotokoza kuti kusintha kunayamba liti, akugona bwanji, akunena zotani, amamwa kapena kusuta chiyani, kwa asing'anga anamwetsedwa chiyani, komanso ngati pamtundu panali wina wodwala chonchi. Musabise kanthu chifukwa cha manyazi. Mwanayonso apatsidwe mpata wolankhula yekha ndi dokotala, poti pali zomwe sanganene pamaso pa bambo ake. Ngati akukana kupita, musayambe ndi mawu oti wapenga. Yambani ndi vuto lomwe iye akulivomereza: "Mwanawe, masiku ano sukugona, ndipo ukuoneka kuti uli ndi mantha. Tiye tikaonane ndi adokotala za tulo timeneti." Kumunamiza kuti mukupita kumsika kumagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo munthu yemwe akukayikira kale aliyense sadzakukhulupiriraninso.

Dandaulo lomwe lili ndi maziko enieni ndi la mankhwala. Anthu aonapo odwala atauma thupi, manja akunjenjemera, dovu likutuluka, akuyenda ngati ogona, ndiye amati bola matendawo. Zimenezi zimachitikadi, makamaka ndi mankhwala akale monga chlorpromazine, yemwe anayamba kugwiritsidwa ntchito ku Paris mu 1952, haloperidol, ndi jakisoni wa fluphenazine wobayidwa pakatha masabata angapo. Atsopano monga risperidone ndi olanzapine saumitsa thupi kwambiri koma amanenepetsa. Atsikana ena amasiya kusamba kapena kutuluka mkaka, anyamata ena mphamvu za m'banja zimachepa, ndipo ambiri amasiya mankhwala mwakachetechete chifukwa cha zimenezi osauza munthu. Yankho lake ndi kubwerera kuchipatala, chifukwa mlingo umachepetsedwa, mtundu umasinthidwa, ndipo pali mapiritsi a benzhexol othetsa kuuma ndi kunjenjemera. Wodwala koyamba amafuna mlingo wochepa kuposa wodwala wa zaka zambiri, chomwe ndi chifukwa chinanso chofikira msanga. Khosi likapindika, lilime likatuluka kapena maso akatembenukira m'mwamba, pitani tsiku lomwelo, ndipo thupi likauma pamodzi ndi kutentha, thamangani. Mankhwalawa amayamba ndi kubweretsa tulo ndi bata m'masiku ochepa, koma mawu ndi zikhulupiriro zija zimatenga masabata kuti zichepe. Akachira, amayenera kupitiriza kwa chaka kapena kuposa, ndipo kusiya kumakhala kwa pang'onopang'ono mogwirizana ndi dokotala. Kafukufuku wa ku New York wa 1999 anapeza kuti kusiya mankhwala kumachulukitsa pafupifupi kasanu mpata woti matenda abwerere. Mtsikana akatenga pakati asasiye yekha, akafunse kuchipatala.

Pakhomo

Mapiritsi ndi theka la ntchito. Kuyambira zaka za m'ma 1950, George Brown ndi anzake ku London anaona kuti odwala obwerera kunyumba zodzala ndi kudzudzula, kunyoza kapena kuwalondalonda mopitirira muyeso ankadwalanso msanga, ndipo zimenezi zapezekanso m'maiko ena ambiri. Si kuti makolo ndiwo amayambitsa matendawa. Koma ubongo womwe ukuchira sulimba ndi phokoso la milandu. Ulesi womwe mukuuona, kugona kwambiri, kusafuna kusamba, nkhope yosasonyeza chimwemwe, nthawi zambiri ndi mbali ya matenda omwewo, ndipo imachedwa kutha kuposa mawu. Lankhulani naye mmodzimmodzi, mwachidule, osamuunjirira. Akanena kuti aneba akumutumizira mawu usiku, musakangane naye, komanso musamuvomereze. Munganene kuti, "Ine sindikuwamva, koma ndikuona kuti akukusautsa." Mupatseni ntchito yaing'ono yomwe angaimalize, monga kutunga madzi, kuthirira kudimba kapena kudyetsa nkhuku, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Adye pamodzi ndi ena, mbale yake isapatulidwe, chifukwa matendawa sapatsirana. Ntchito yomusamalira isagwere mayi yekha. Mwinimbumba agawe: wina woona za mapiritsi, wina wa ndalama ya thiransipoti, wina woperekeza. Kulinso bungwe la odwala ndi owasamalira lotchedwa MeHUCA, lomwe lili ndi magulu othandizana m'maboma ena.

Odwala ambiri sachita ndewu, ndipo nthawi zambiri iwo ndi omwe amamenyedwa, kuberedwa ndi kugwiriridwa. Ngozi imakula pomwe munthu sakulandira mankhwala, akumwa kachasu, kapena wapanikizidwa pakona ali ndi mantha. Akalusa, chotsani ana ndi zikwanje, mupatseni mpata, alankhule naye munthu mmodzi yemwe amamukhulupirira, ena akufuna galimoto. Unyolo ndi chingwe zimatupitsa miyendo, zimaboola zilonda, ndipo zimamutsimikizira kuti zomwe ankaopa zija n'zoona. Ngozi yaikulu kwenikweni ndi ya moyo wake womwe. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 20 odwala schizophrenia amadzipha, ndipo zaka zoyambirira ndizo zoopsa, makamaka atangotuluka m'chipatala, nzeru zitabwerera, akuona kuti anzake apita patsogolo. Kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, asakhale yekha, tameki, mankhwala a m'munda ndi zingwe zichotsedwe, mapiritsi ake asungidwe ndi munthu wamkulu, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Akayamba kupeza bwino, nkhani ya sukulu kapena ntchito isaikidwe pambali ngati yatha. Ambiri amabwerera. Kholo likaonane ndi mphunzitsi wamkulu, lifotokoze zomwe mwanayo wavomera kuti zinenedwe, ndipo ngati mayeso ali pafupi, kubwereza kalasi kuli bwino kuposa kumukakamiza kuwerenga usiku wonse, poti kusowa tulo kumadzutsa matenda. Pa nthawi yomwe ali bwinoyi, khalani naye pansi mulembe kumapeto kwa buku la kuchipatala zizindikiro zomwe zinayamba ulendo woyamba uja, chifukwa kwa munthu mmodzi zimakonda kubwera mofanana, ndipo mugwirizane kuti zikaonekanso ndani adzamuuze ndiponso ndani adzamuperekeze. Musadikire kuti mapiritsi athe, pitani kukatenga ena kukadali a sabata imodzi. Mankhwala amasowa m'zipatala nthawi zina, ndipo zikatero musangobwerera chimanjamanja: funsani ngati pali mtundu wina wolowa m'malo, ngati chipatala cha boma kapena cha mishoni chapafupi chili nawo, ndipo dzina la mankhwala ndi mlingo wake zilembedwe momveka bwino kuti ngati banja lingathe, likagule kufamase.